Fungo la a Nankhoma

Senderani kuno, ana inu, khalani pamphasapa, mtedzawu tiziswa limodzi. Iwe Chisomo, tayamba waika pansi chitini chako chopoperacho. Wapopera mutu, wapopera bulauzi, wapopera ndi mphepo yomwe, mpaka nkhuku zathawa pakhonde zikuyetsemula, koma ndikuuze ine, ukamakafika kumsewu fungo lonselo likhala litatsala m'njira. Khala pansi umve za munthu amene ankadziwa kudzola.

Ndikakumbukira a Nankhoma, mphuno ndi imene imayamba, maso amabwera pambuyo. Mudzi wathu wakale uja, kufupi ndi Ludzi, unali ndi mafungo ake: utsi wa zitsononkho m'mawa, ndowe za m'khola mvula ikawaza, fodya wopachika m'zigafa amene ankakanirira m'tsitsi ngakhale usambe kawiri, ndi thukuta la anthu ochokera kumunda. Ndiye pakati pa zonsezo pankadutsa kafungo kena kozizira, konga maluwa a mandimu, ndipo ngakhale uli chozondoka mumtondo ukupala gaga, unkadziwa kuti a Nankhoma adutsa kupita kuchitsime.

Nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu. Anali mayi wamfupi, wa mano a mpata, wosachulutsa mawu. Amuna awo, a Lufeyo, anali chimunthu chachitali, katswiri wa gule paunyamata wawo. Anagwira ntchito zaka zambiri ku esiteti ina ya cha ku Chiosya, kusonkhezera moto m'mabalani a fodya, ndipo atabwerako maso awo anayamba kuchita chifunga, kenako ng'ala, kenako mdima. Ine ndinawadziwa ali osaona kale.

Koma kunyada kokha sikunachite ng'ala. Ndodo ankaikana. Ankati, "Ndodo ndi ya njoka ndi agalu." Mwana akati awagwire dzanja, ankamubweza: "Choka apa, ine si ngolo yoti ndizikokedwa." Mudzi wonse ankaudziwa ndi mapazi, muzu uliwonse, dzenje lililonse. Chinkawavuta chinali chigulu cha anthu. Kutchalitchi, kumaliro, kumsonkhano, mawu akasakanikirana, bambo aja ankasochera ali chiimire. Pamenepo mpomwe fungo la akazi awo linkagwira ntchito. Ankangokweza mphuno pang'ono, kutembenuka, n'kuyenda molunjika ngati munthu woona, mpaka kukaima pambali pawo.

Fungolo linali la m'kabotolo ka mafuta onunkhira opopera, kochokera ku Chipata. Mwana wawo woyamba, Damiyano, ankagwira ntchito m'sitolo kumeneko, ndipo akabwera kudzaona makolo ankawatengera kamodzi, kagalasi, kokhala ndi kapompa pamwamba. Kamodziko a Nankhoma ankatha nako chaka.

Amayi a kuchitsime sankaleka kuwajeda. "Munthu wamkulu ngati ameneyu, amuna ake saona, akununkhirira ndani?" Tsiku lina a Nankhoma anawamva, natula ndowa yawo modekha, n'kunena kuti, "Saona, inde. Koma mphuno sanaisiye ku esiteti." Anatunga madzi awo n'kumapita, kafungo kaja kakuwatsatira pambuyo.

Mmene ankadzolera ndinaonera mwangozi. Amayi anandituma kukabwereka sefa, ndipo ndinawapeza atangotuluka m'bafa, atamanga chitenje pachifuwa, madzi akadali kunyezimira m'mapewa. Ndinati ndibwerere, iwo anati, "Khala pomwepo, Agnesi, sefa sithawa."

Sanadzipukute mpaka kuuma gwa, ayi, anangodzigunda-gunda ndi kansalu. Kenako anatapa ndi chala mafuta odzola oyera aja, olimba, opanda fungo, n'kupaka pang'ono kuseri kwa makutu, pakhosi pomwe mtsempha umagunda, pamfundo za manja, m'kati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Atatero analowa m'nyumba n'kukatenga kabotolo kaja pomwe kankakhala, pansi, kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, kokulungidwa m'kansanza. Anakagwira chapatali ndi khungu, n'kupopera kamodzi kamodzi pomwe panali mafuta paja. Fyu. Fyu. Basi. Anaima atatambasula manja ngati khwangwala woyanika mapiko, osapekesa, osakhudza, mpaka paume pokha.

"Bwanji osathira pa chitenje, agogo?" ndinafunsa.

"Chitenje chili ndi magazi?" anatero. "Fungo limafuna pofunda, pomwe magazi akuyenda, kuti lizidzuka pang'onopang'ono tsiku lonse. Ndipo limafuna pogwira. Khungu louma ndi mchenga, mwana wanga. Mvula igwe m'mawa, masana fumbi. Mafutawa ndiye dambo."

"Nanga bwanji mumabisa kuseri kwa mtsuko?"

"Sindibisa. Dzuwa ndi mbala, limamwa za m'botolo chitsekere. Tenga sefa yako uzipita, amako akudikira."

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wawo wotsiriza, Filomena, anapeza banja. Mnyamatayo anali wa kwa Zulu, ndipo ukwati anauika mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Kwathu kunali mwambo wake. Madzulo a ukwati, akaitana makolo a mkwatibwi kuti avine, bambo ankadzuka kumbali ya amuna, kudutsa bwalo lonse anthu akuona, n'kukadzutsa mkazi wake pakati pa amayi. Zinali zoseketsa chabe kwa anthu oona. Kwa a Lufeyo sizinali zoseketsa.

Anzawo a pa bawo, pansi pa mtengo wa mango, ndi amene anayambitsa. A Kaliyati, mnzawo wa chibwana, munthu wa pakamwa, anati, "A Lufeyo, tsiku lija tikubwerekeni kamwana kokutsogolerani? Kapena amayi adzabwere okha adzakunyamuleni ngati thumba la chimanga?"

A Lufeyo anamenya bawo ndi chikhatho mpaka nkhomo zinadumpha. "Nankhoma ndinamutola ndekha pa gule, pakati pa atsikana a midzi itatu, popanda wondilozera. Ndidzamutolanso ndekha. Asadzadzuke, asadzayankhule, asadzatsokomole. Ndikadzalephera, Kaliyati, udzandidulire ndodo, ndidzayenda nayo mpaka kumanda."

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Ndipo tonse tinkadziwa kuti bambo amenewa akadzagwira ndodo, ndiye kuti atha, adzangokhala pakhonde kudikira imfa.

M'kabotolo muja munali mutatsala pang'ono, pansi penipeni. Damiyano anabwera ndi suti ya bambo ake ndi nsapato zatsopano, koma botolo lina anaiwala. A Nankhoma sanadandaule. Anati otsalawo akwana ukwati, akwananso mpaka Khirisimasi.

Tsikulo litafika, anasamba kusanatenthe, anadzola monga mwa masiku onse, nabwezera kabotolo kuseri kwa mtsuko, n'kupita kukaona miphika kuseri. M'nyumba munatsala amayi ovalika mkwatibwi, ndipo wotsogolera anali a Velonika, mlongo wawo wa a Lufeyo, mayi wa mawu ngati belu, wa mtima wabwino koma wa manja osakhazikika. Ine ndinali momwemo, pakona, amayi akundiluka tsitsi. Pini inagwa, a Velonika anawerama kuifuna, ndipo anadzuka atagwira kansanza kaja.

"Ehee! Chuma chija chili apa!"

Mukudziwa inu, tsiku la ukwati kumudzi chinthu sichikhala ndi mwini. Mpando, lichero, mbale, mwana yemwe, zonse ndi za ukwati. A Velonika sanaone cholakwa. Anapopera mkwatibwi pa velo. Anadzipopera okha pa duku ndi pachifuwa pa diresi. Anapopera amayi anga pa chitenje, amayi a kwaya amene anasuzumira pakhomo, ndi aliyense wotambasula dzanja, ndipo onse ankapekesa m'manja n'kumanunkhiza akuseka. Mayi ake a mkwati anali atafika kudzaona mpongozi wawo, ndiye mlendo angamanidwe? Anawapopera kawiri. Ngakhale ine ndinalandira kanga pa kolala. Kapompa kanayamba kutsokomola mphepo yokhayokha.

A Nankhoma atalowa anaima pakhomo. M'nyumba monse munali iwo okhaokha, pamakoma, padenga, pa anthu.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Aa, alamu, lero ndi ukwati, tinunkhireko nafenso! Mumafuna ife tizinunkha utsi, inu nokha maluwa?"

Amayi anga ndi amene anayamba kukumbukira. Anagwira pakamwa. "Mayo, a Velonika! Lumbiro la achimwene anu lija!"

A Velonika anayang'ana botolo lopanda kanthu lija ngati lawaluma. A Nankhoma analitenga, naliyang'ana kuwala kwa pakhomo, kenako anayang'ana madontho onyowa pa maduku ndi pa zitenje za anzawo.

"Mwathira pa nsalu nonse?"

"Ee."

"Munadzola mafuta musanathire?"

"Nthawi yake iti, alamu, ndi ntchito yonseyi?"

A Nankhoma anangoti, "Chabwino. Tiyeni, tingachedwe Misa." Ndipo ndinaona mpata wa mano uja ukusuzumira pang'ono.

Tsoka silinadikire madzulo. Misa itatha ku Ludzi, anthu atadzaza pakhomo pa tchalitchi, nthungululu zili pakamwa, a Lufeyo anatuluka ali mu suti yawo, wamtali kuposa onse. Anakweza mphuno, anatembenuka, anayenda molimba mtima, n'kugwira mkono wa mayi wina.

"Nankhoma," anatero, ndipo mawu awo sankadziwa kunong'ona, "nsapato za mwana wakozi zikundiluma ngati linthumbu. Tikafika kunyumba undithowe mapazi."

Anali mayi ake a mkwati.

"Asewere," anayankha mayiwo akudziletsa kuseka, "mapazi anuwo akathowa eni ake. Ine anga ndi awa aima apawa, akutiyang'ana."

Kuseka kwake! Ngakhale asisitere anabisa nkhope. A Lufeyo anataya mkono uja ngati agwira mbaula. Anatembenukira kumanja, fungo lomwelo. Kumanzere, lomwelo. Kumbuyo, lomwelo. Anaima pakati pa anthu mutu ukuzungulira uku ndi uku, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndiwaone akuoneka ngati munthu wosaona. A Nankhoma anabwera, nawakhudza pachigongono, n'kuwauza zomwe zinachitika.

Pobwerera ana tinakwera ngolo imodzi ndi iwo. Ng'ombe zinkayenda mwaulesi, fumbi likutithira. Titayenda mtunda wautali, a Lufeyo anati, "Kaliyati adule ndodo yake. Mudzi wonse wasanduka Nankhoma, ine ndikatola uti?"

"Bambo a Filo," anatero akazi awo, "mvula yogwa pamchenga ndi yogwa padambo ndi imodzi. Koma masana mumakatunga kuti?"

"Usandiphere miyambi, ine mapazi akundipweteka." Kenako anawerama, akuyesa kutsitsa mawu, ife tonse tikumva. "Nankhoma. Ndikamadzayandikira, udzangoti khoso, pang'ono chabe. Palibe adzamve."

"Munanena nokha pa bawo kuti ndisatsokomole. Ndipo ine chifuwa ndilibe."

"Ukufuna ndichite manyazi kawiri tsiku limodzi?"

"Ndikufuna mudikire dzuwa lipendeke. Mphuno yanuyo ndimaidziwa, ntchito yanganso ndimaidziwa."

Dzuwa la tsiku limenelo, ana inu, linali lophika dzira pamwala. Amayi onse aja anabwerera kumiphika, kusonkhezera nkhuni zaziwisi, kukazinga anyezi, kuvundula nyama ya mbuzi, kusenza thobwa. Akapuma pang'ono, ankalowa m'bwalo kukavina, thukuta lili chuchuchu, maduku akuwapukutira kumaso. Amayi anga ananunkhiza chitenje chawo chapakati pa masana n'kukwinya nkhope: utsi wokhawokha. Ine ndinanunkhiza kolala yanga, ndinangomva fumbi ndi mango amene ndinadya. A Nankhoma nawonso anaphika, nawonso anatuluka thukuta, koma atawerama pafupi nane kutenga mbale, kafungo ka mandimu kaja kanandipeza, kofatsa, ngati angochoka kumene m'bafa.

Mithunzi itatalika, woyendetsa mwambo anakuwa, "Makolo a mkwatibwi! Bwalo ndi lanu!" Anyamata a banjo anayamba kukhwacha. Amuna anali pamipando pansi pa mango, amayi pamphasa kufupi ndi nkhokwe, ndipo a Nankhoma anakhala pakati penipeni, mzere wakumbuyo, manja pamiyendo, maso pansi.

A Lufeyo sanadzuke. Nyimbo inazungulira, iwo ali phee. Filomena, mu velo yake, anayamba kuluma milomo. A Kaliyati, amene tsopano nthabwala inali itawathera, anatenga ndodo yomwe anadula mwachipongwe m'mawa, naiika pamiyendo pa mnzawo mwakachetechete. "Tengani, achimwene. Palibe amene aseke."

A Lufeyo anaipapasa ndodoyo kuyambira kumutu mpaka kunsonga. "Wasankha yokhota, Kaliyati, ngati iwe mwini." Anaiika pansi pa mpando. Kenako anawerama, navula nsapato zija, n'kuziika pambali pa ndodoyo. Anaimirira mu suti, opanda nsapato, mapazi awo akulimva bwalo lawo, n'kuyamba kuyenda.

A banjo anatsitsa nyimbo okha. Panalibe wotsokomola, ngakhale khanda. Atafika pamphasa anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa amayi, manja kumbuyo, ngati wogula fodya pa okushoni. Anaima pa mayi woyamba.

"Utsi, thobwa, ndi mantha. Uyu ndi mlongo wanga Velonika. Tikambirana mawa."

Anthu anaphulika kuseka, a Velonika anadziphimba ndi chitenje. Anapitirira. Anaima pa amayi anga. "Mbuzi. Amene anaphika ndiwo ndi awa, zikomo." Anafika pa mayi ake a mkwati, ndipo mayiwo kudziletsa kunawakanika, kanatuluka kakuseka m'mphuno. A Lufeyo anawomba m'manja mwaulemu. "Asewere, m'mawa zinakwana. Ndakulambalalani."

Anafika kumapeto kwa mzere osapeza kanthu. Anabwerera, pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ndiye kunabwera kamphepo kaja kamadzulo, kochokera kumapiri a kumalire, kakugwedeza udzu wa pankhokwe. A Lufeyo anaima. Mutu unatembenuka wokha. Anati, "Pepani, amayi, ndidutseko," nalowa pakati pa amayi awiri, kulumpha miyendo ya wachitatu osaiponda, n'kutambasula dzanja.

"Nankhoma, dzuka. Nyimbo ikutha."

A Nankhoma anakhalabe pansi osadzuka, mwadala, mpaka ife tinafuna kufa. Kenako anakweza maso.

"Mwatsimikiza, bambo? Mungagwirenso mkazi wa mwini."

"Ndatsimikiza. Enawa ananunkhira m'mawa. Iwe ukununkhira mpaka pano."

Nthungululu zake zinamveka mpaka kumidzi ya kutsidya. A Kaliyati anaponya chipewa m'mwamba, chinakakodwa mu mango. Filomena analira mpaka ufa wa kumaso unachoka. Ndipo awiri aja anavina, chimunthu chachitali chopanda nsapato ndi kamayi kofika m'chifuwa, fumbi likukwera, iwo osalabadira aliyense, ngati abwerera pa gule uja wa midzi itatu.

Kuyambira m'mawa mwake, amayi a kuchitsime aja anayamba kubwera kwa a Nankhoma mmodzimmodzi. Uyu wadzabwereka sefa, uyu wadzapempha mchere, koma pochoka aliyense ankafunsa chapansipansi, "Paja munati mafutawo timapaka pati?" Funso lakuti akununkhirira ndani silinamvekenso.

A Velonika anabwera ndi nkhuku yoyera kudzapepesa, ndipo alamu awo anaiphika n'kudya nawo limodzi. Anaphunzira za mafuta zija, koma dzanja lawo linakhalabe lolemera; mpaka ukalamba wawo, akalowa m'tchalitchi, anthu a benchi lawo ankayetsemula. Damiyano anatumiza botolo lina Khirisimasi isanafike, ndipo sanaiwalenso. Anakwatira konko ku Zambia, ana ake amabwera nthawi zina, amayankhula Chinyanja chawo chija. Filomena alipo kwa Zulu, ndi agogo ngati ine, banja lake silinagwedezeke. Ndodo ya a Kaliyati anaizika m'dimba kuti nyemba ziziyangapo, ndipo eni akewo mpaka imfa yawo ankati ndi iwo anachititsa zonse.

A Lufeyo anakhala zaka zina zambiri, ndipo ndodo sanaigwire. Anatsogola ndi iwo, nthawi ya dzinja, atadwala masiku ochepa.

A Nankhoma anatsala okha m'nyumba muja. Ine ndinali nditakwatiwa, ndili ndi mayi ako kumsana, Chisomo, pamene ndinapita kukawaona tsiku lina m'mawa. Ndinawapeza kuseri kwa bafa, atakalamba, koma ali chimodzimodzi: mafuta kuseri kwa makutu, pakhosi, pamfundo za manja, kenako fyu, fyu, n'kuima atatambasula mikono. Ndinadabwa, ndipo pakamwa panga panathamanga.

"Agogo, nanga tsopano mukudzolera ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Agnesi, tsiku londitenga silidziwika. Kumeneko anthu ndi ochuluka kuposa pa ukwati wa Filo, ndipo bambo aja ndodo anakana."

Anamwalira chaka chotsatira, ndipo amayi amene anawasambitsa anadziwa chochita popanda wowauza.

Nanga inu mumayesa kabotolo kanga kamakhaliranji kuseri kwa ndowa, osati pawindo? Pita ukasambenso, Chisomo, usadzipukute kwambiri. Ukabwere ndi mafuta ndi chitini chakocho, ndikusonyeze pomwe magazi amagunda.